Mwana wa vuto la kumva mwamulowetsa m'kalasi, koma mwamusiya yekha

Lero mtima wandiwawa kwambiri. Kwabwera alangizi kusukulu kwathu, akhala kumbuyo kwa kalasi mphindi 20 zokha, kenako pamaso pa ahedi akuti, "Madamu, mtsikana wosamva uja simukumulabadira." Ine sindikumulabadira? Ine?

Sitandade 2 yanga ili ndi ana 114, onse pasimenti. Mtsikanayu ndimamukhazika kutsogolo penipeni pafupi ndi bolodi. Ndimayankhula nditamuyang'ana kuti aone milomo yanga. Usiku ndimamujambulira zithunzi pamakatoni, makrayoni ake ogula ndekha. Koma chinenero cha manja palibe anandiphunzitsapo. Ndikatembenukira kwa iye, kumbuyo ana 113 ayamba phokoso. Ndikatembenukira kwa enawo, iye amangondiyang'ana maso ali tong'o, osadziwa chomwe anzake akuseka. Mapanga awiri avumbwitsa, anthuni.

Musandimve molakwa, mwanayu malo ake ndi pano, pakati pa anzake. Ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 ija ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse. Koma kumulemba mwana mu rejisitala si kumuphunzitsa. Kumukhazika pansi m'kalasi si kumuphunzitsa. Ali nafe ndi thupi lokha, phunziro likumudutsa tsiku ndi tsiku, ndipo chaka chikatha tidzamuuza kuti abwereze ngati kuti wolakwa ndi iyeyo.

Aphunzitsi odziwa ntchitoyi alipo, amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Wa m'dera lathu ndi mmodzi, amazungulira sukulu zambirimbiri pa njinga yakapalasa, kwathu wafika kamodzi teremu ino. Tsiku limenelo mtsikanayu anacheza naye ndi manja mpaka kuseka. Ndinaona ndi maso anga kuti mwanayu ndi wanzeru, chomwe akusowa ndi munthu womumva. Ndalama kulibe, tikudziwa, makalasi anadzaza kuyambira 1994 pulayimale itakhala yaulere. Ndiye chifukwa chake mudzudzule ine? Ndiphunzitseni manjawo, ngakhale sabata ziwiri nthawi ya holide, kenako mubwere ndi kope lanulo mudzandiyese.

Ndiponso za zimbudzi. Tili ndi mnyamata wa Sitandade 5 woyenda pa njinga ya aulumali. Khomo la chimbudzi ndi lopapatiza, njinga silowa. Amakwawa pansi ponyowa paja, kapena amadzigwira mpaka poweruka. Alangizi aja kumeneko sanapiteko.