Za ndalama tizikambirana tisananyamule kamera

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Blantyre, ndilibe bwana wondilipira mwezi ukatha, ntchito ndimasaka ndekha. Ndiye pali nkhani yomwe yakhala ikundivuta mumtima makamaka ndikamaona achinyamata amene angogula kumene kamera yawo yoyamba.

Ukwati sungaujambule wekha, zimenezo iwalani. Mkwatibwi akukonzedwa tsitsi ku Chilomoni, mkwati ali ndi anyamata ake ku Bangwe, kutchalitchi akufuna wina akhale atafika kale, ndiye perekaniperekani ikayamba kuholo wina akuyenera kuyang'ana akwati wina anthu ovina ndi ndalama m'manja. Mutu umodzi susenza denga abale. Pamafunika wa kamera yachiwiri, wa zithunzi, wa editing, pena mpaka wa drone.

Kuwapeza sikuvuta, ungolemba pa gulu la WhatsApp kuti ndikufuna munthu Loweruka foni siipuma. Koma ine ndinasiya kutenga munthu chifukwa cha zithunzi zokongola za pa status. Ndimayamba ndamutenga pa kantchito kakang'ono, kaya bridal shower kaya birthday, ndione ngati amafika pa nthawi, ngati mabatire amabwera atatchajiratu poti magetsi athu mukuwadziwa, komanso ulemu wake. Munthu wodutsa kutsogolo kwa ankhoswe akulankhula, osawerama osapepesa, eni mwambo sasunga dzina lake ayi amasunga lako iwe amene unabwera naye.

Koma chomwe chimatigwetsa kwenikweni ndi manyazi pa ndalama. Timangoti tidzaona pomaliza aise, poti ndi mnzathu, poti tinakulira limodzi. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ine ndinali nditalandira kale madipoziti a maukwati a December pa mitengo yakale, pomwe memory card, hard drive, thiransipoti zonse zinakwera nthawi imodzi. Mnzanga amene tinajambula naye limodzi kwa zaka ankayembekezera kuti ndimulipira molingana ndi momwe zinthu zakwerera, ine m'thumba ndinali ndi za mtengo wakale zija, ndipo panalibe pomwe tinakhala pansi nkugwirizana chilichonse. Palibe anabera mnzake. Iye ankanena zoona, ana ake sakanadya mtengo wakale, inenso kasitomala sakanandiwonjezera. Tinakangana pa foni usiku titatopa, mawu anatuluka oti sabwezeka, mpaka lero timangopatsana moni wa patali. Zimandiwawabe kwambiri chifukwa munthu uja anali ndi diso, ankaona mayi a mkwatibwi akupukuta misozi kuseri ine ndisanaone.

Chiyambire pamenepo munthu asanakwere minibasi kubwera ku ntchito yanga amakhala atalandira uthenga wolembedwa, ndalama yake ndi zakuti, thiransipoti ndi chakudya zili kwa ine, kulipira ndi tsiku lomwelo, ndipo ngati akufuna kuika zomwe wajambula pa page yake ya Facebook adikire kaye eni ukwati alandire zawo. Ena amati ndaonjeza, zolemberana pa chinzake nzachani, koma amene amadana nazo ndi omwewonso amavuta pambuyo.

Ndipo chonde tisamauze anzathu kuti dikira kasitomala amalize kulipira. Kasitomalayo ndi wanga, ndinagwirizana naye ndine, akachedwa ndi mutu wanga. Mnzanga waima tsiku lonse ndi kamera paphewa, naye landilodi akumudikira, ndiye usiku womwewo ndimamutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba ngakhale zitanthauze kuti ine nditsala ndi zochepa sabata imeneyo. Dzina lakenso ndimaliika kumapeto kwa vidiyo, ntchito yake ina imachokera pamenepo.

Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati ku Lunzu, uthenga ndamutumizira kale mnyamata amene ndikugwira naye panopa, wayankha kuti ya thiransipoti ndiwonjezereko poti akuchokera ku Chigumula ndipo akwera kawiri. Ndavomera, talemberana.