Miyezi isanu ya "mangwana"

Liwu la Chishona limene ndinayamba kulidziwa bwino kuno ku Harare ndi "mangwana". Amati ndi mawa, koma mawa la a landilodi anga a ku Glen View silicha.

Tinalowa m'kanyumba kawo ka kuseri mu Novembala, zipinda ziwiri. Tinasainirana mgwirizano wa chaka chathunthu: lendi madola 120 pamwezi, dipoziti 120, zonse za America, poti ZiG, ndalama ya kuno ija inabwera mu 2024, iwo safuna n'kuiona komwe. Papepalapo panalembedwa poyera kuti denga ndi mapayipi ndi udindo wa mwini nyumba. Ndinasaina ndikumwetulira.

Mvula yoyamba denga linadontha. Zimenezo ndinapirira, kwathu ku Thyolo nakonso malata amadontha. Tinkangosuntha matiresi n'kutchera mapoto, usiku wonse tho, tho, tho. Koma mu Januwale payipi ya suweji inaphulika pakhomo penipeni. Abale, sindifuna kukuonongerani nsima. Zonse zochokera m'chimbudzi cha nyumba yayikulu zinkatumphuka pamene timatulukira. Mayi a kunyumba anayala njerwa zisanu ndi imodzi kuti tizidumphira, ndipo mwana wathu wa zaka zitatu ankayesa masewera. Tsiku lina ndinamupeza atanyonyomala pa njerwa yachitatu, akuvundula madziwo ndi kamtengo, dzanja linalo lili ndi chigumu. Ku Glen View komwe kuno, kumene kolera wa 2018 anayambira pamodzi ndi ku Budiriro! Anthu a mumsewu wathu akakamba za chaka chimenecho amatsitsa mawu.

Ndikapita kukadandaula, yankho ndi lomwelo. Pulambala abwera mangwana. Koma pa 1 mwezi uliwonse, m'mawa tambala asanatsike, gogogo pachitseko. Lendi yokha ilibe mangwana. Ndalama za magetsi tinkasonkha tonse ochita lendi n'kupatsa iwo kuti agule mayunitsi, mita ili m'nyumba mwawo, koma sabata ziwiri zisanathe tili mumdima.

Nditanena kuti ndikufuna kutuluka, anaseka. Ati mwasaina chaka, mukachoka mulipira miyezi yonse yotsala, ndipo inu mabhurandaya mukadandaula kwa ndani kuno? Liwu limeneli ndi lakale, lochokera ku dzina la Blantyre, ankatchulira agogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Mpaka lero limatigwetsa mphwayi. Ambirife tikalimva timangoti mlendo ndi mame, n'kupinda mchira, ngakhale mapepala athu ali bwinobwino. Inenso ndinakhala chete mwezi wina wathunthu, ndipo ndimadzida nazo.

Anandidzutsa ndi madala ena a kutchalitchi, obadwira ku Highfield, amene bambo awo anachokera ku Nyasaland nthawi ya Chitaganya. Madalawa anagwirapo ntchito ya umesenjala kwa maloya zaka zambiri. Atawerenga pepala langa anati, "Achimwene, chingwe ichi chamanga anthu awiri, osati inu nokha." Anandifotokozera kuti malamulo a kuno amati mwini nyumba ayenera kupereka nyumba yokhalika ndi kuisamala. Akalephera pa chinthu chachikulu, wolipira lendi atha kuthetsa mgwirizano chaka chisanathe. Osati chifukwa cha babu lakupsa kapena chitseko cholira ayi, koma vuto loti munthu sungakhalemo. Anatinso nkhani za lendi ya nyumba zogona zili ndi malamulo ake, Rent Regulations a 2007, ndipo wolipira lendi ndi wolipira lendi basi, kaya mchombo wake unakwiriridwa ku Masvingo kaya ku Thyolo.

Chimene anandiletsa ndi kuthawa usiku, mmene timachitira ambiri, katundu pa ngolo, foni n'kuzimitsa. Ukatero wolakwa umakhala iwe. Anandiletsanso kungosiya kulipira mwaukali. Ati lembani kalata, tchulani vuto lililonse, apatseni masiku oti akonze, ndipo nenani kuti akapanda kukonza mgwirizano watha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinalemba usiku womwewo pa kandulo. Ndinawapatsa masiku 14. Kalata ina ndinapereka pamanja pali mboni, ina ndinasunga, chithunzi chake ndinatumiza pa WhatsApp pamodzi ndi zithunzi za njerwa zija. Malisiti sankapereka, mwayi wake miyezi ina ndinalipira pa foni kudzera pa EcoCash, mauthenga ake alipo.

Masiku 14 anatha, pulambala osaoneka. Ndinalemba kalata yachiwiri yothetsa mgwirizano. Tsiku losamuka ndinapeza loko watsopano pageti, ati makina osokera a mayi atsale ngati chikole. Makina amene amatidyetsa! Madala aja anabwera atavala jekete, n'kuwauza mwaulemu m'Chishona chosalala kuti ngongole ya lendi palibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo, kulanda katundu kapena kutsekera munthu kumafuna chilolezo cha khoti, si mphamvu za mwini nyumba. Loko anatsegulidwa, koma mwano umene unatiperekeza mpaka pamsewu sindingaulembe pano.

Pano tili ku Kuwadzana, chipinda chimodzi, chopanikiza koma chouma. Dipoziti yanga ija sinabwerebe. Ati ndinadetsa khoma, khoma lomwe linachita nkhungu ndi denga lawo lomwe. Madola 120 kwa ena ndi ya chakumwa, kwa ine ndi fetereza wa amayi kumudzi. Ndasonkhanitsa makalata ndi zithunzi mu envulopu, ndikupita nazo ku khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama. Dzulo ndinawaimbira a landilodi aja komaliza kuti mwina tingamvane pachibale. Ndinamva wailesi ikulira kumbuyo, iwo n'kutsokomola pang'ono, kenako anati ndiyimbenso mangwana.