Botolo lomwelo, mayiko atatu: chifukwa chake ku Joni limatoledwa pomwe kuno limathera mu Mudi

Pansi pa botolo la madzi kapena la zakumwa zoziziritsa kukhosi pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala 1. Ameneyo ndi pulasitiki wa PET, mtundu womwewo wa poliyesita wa majezi a mpira ndi zovala zambiri za pa kaunjika. Botolo la ku Blantyre, la ku Lusaka ndi la ku Johannesburg n'limodzimodzi. Chimasiyana n'choti ndani amalipira ulendo wake wobwerera ku fakitale.

Ku South Africa, makampani opanga ndi kugwiritsa ntchito mabotolowa anakhazikitsa bungwe la PETCO mu 2004, n'kumasonkha ndalama pa thani iliyonse ya PET. Ndalamazo zimathandiza mafakitale obwezeretsa kuti asasiye kugula mabotolo akale ngakhale mtengo wa pulasitiki watsopano utagwa, zomwe zimachitika mafuta akatsika mtengo padziko. Kuyambira mu 2021 boma linaika lamulo loti kusonkhaku n'kokakamiza. Ku Wadeville, pafupi ndi Johannesburg, kuli fakitale ya Extrupet imene kuyambira 2015 imasandutsa botolo lakale kukhala zipangizo za botolo latsopano la chakumwa. Pafupifupi mabotolo 60 mwa 100 alionse amatoledwa, ndipo ambiri amatoledwa ndi anthu okoka tingolo m'misewu, amene malipiro awo ndi ochepabe. Izi zokha sizoti n'kuziyamikira.

Zambia ili pakatikati. Lamulo la nambala 65 la 2018 limapatsa makampani udindo pa zinyalala za katundu wawo, ndipo ku Lusaka kuli ntchito ya Manja Pamodzi, imene Zambian Breweries inayambitsa mu 2015, yogula mabotolo kwa otola m'makomboni.

Ku Malawi mphamvu zathu zathera pa majumbo. Lamulo la 2015 linaletsa pulasitiki wopyapyala wosafika ma micron 60 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), khothi la Supreme linagwirizana nalo mu 2019, milandu n'kupitirirabe. Botolo silinakhudzidwe. Komabe pali pomwe timawaposa anzathuwa: botolo kuno silifa msanga. Limasunga thobwa, mafuta ophikira oyezera pamsika, palafini ngakhalenso petulo wa m'mbali mwa msewu. Vuto limabwera likabooka, chifukwa limapita kumtaya wa Mzedi kapena wa ku Area 38, m'ngalande, apo ayi pamoto.

N'chifukwa chiyani kuligula kuli kovuta? Botolo ndi mpweya wokhawokha. Ngati limodzi likulemera magalamu 25, pamafunika mabotolo 40 kuti ikwane kilogalamu, 40,000 kuti ikwane thani. Lole yodzaza mabotolo osaphwanya imawotcha dizilo wodula kuposa katunduyo, choncho popanda makina opanikiza mabelo bizinesi imeneyi siyenda, makamaka kwa ife amene wogula ali kutali.

Ndiye pali nkhani ya ukhondo wa belo, yomwe otola ambiri sauzidwa. Ku fakitale mabotolo amasankhidwa potengera mtundu, ndipo oyera ndi abuluu wowala ndiwo a mtengo. Obiriwira ndi abulawuni amathera ku ulusi ndi zingwe zomangira katundu. N'chifukwa chake Sprite inachoka m'botolo lobiriwira. Akatha kusankha mabotolowo amawagaya kukhala tizibenthu, n'kutitsuka m'madzi otentha pafupifupi madigiri 80 osakaniza ndi soda wa kositiki kuti guluu wa malebulo achoke. Kenako amatithira m'thanki ya madzi. PET ndi wolemera kuposa madzi, amamira, pomwe zitsekerero zimayandama n'kuwoledwa pamwamba. Mdani wamkulu ndi pulasitiki wa PVC, wa nambala 3, chifukwa nayenso amamira. PET amasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, kutentha komwe PVC amakhala atapsa kale n'kutulutsa asidi, ndiye tizibenthu tochepa chabe timadetsa katundu yense ndi timadontho takuda. Chinyezi nachonso chimawononga: tizibenthu tikasungunulidwa tisanaume bwinobwino, madzi amadula timaunyolo ta pulasitikiyo ndipo chotulukacho chimakhala chosachedwa kuphwanyika. Apa m'pamene chizolowezi chathu chimatipweteka. Botolo lomwe munakhala petulo kapena mankhwala a mbewu silingabwererenso kukhala la chakumwa, ndipo la mafuta ophikira limavuta kutsuka.

Pa zaumoyo, ofufuza a ku Arizona anaonetsa mu 2008 kuti antimony, chitsulo chothandizira popanga PET, chimalowa m'madzi pang'ono kwambiri botolo likakhala pozizira, koma chimachuluka kutentha kukafika madigiri 60 kupita m'tsogolo. Botolo limayamba kupindika pa madigiri pafupifupi 70, choncho thobwa lizizire kaye lisanathiridwemo, ndipo madzi asasiyidwe m'galimoto yotseka mwezi wa October. Botolo lokalikakalika mkati limasunga tizilombo, ndiye ngozi ya thobwa la pamsika kawirikawiri imakhala katsukidwe osati pulasitikiyo. Mu 2024 ofufuza a ku Columbia University anapeza tizidutswa ta pulasitiki pafupifupi 240,000 mu lita imodzi ya madzi a m'botolo, tambiri mwa ito tosaoneka ngakhale ndi makina wamba oonera tinthu tating'ono.

Ena amayembekezera tizilombo todya pulasitiki. N'zoona kuti mu 2016 asayansi a ku Japan anapeza bakiteriya wa Ideonella sakaiensis pamalo osonkhanitsira mabotolo ku Sakai, ndipo mu 2020 kampani ya Carbios ya ku France inaonetsa enzyme (mankhwala opangidwa ndi zamoyo) yogaya magawo 90 mwa 100 a PET m'maola 10. Koma zimenezi zimachitikira m'thanki yotenthetsa, pa pulasitiki wotoledwa kale n'kugayidwa. Botolo lokwiririka m'matope a Mudi kapena Lingadzi likufunikabe munthu woti alitole, ndipo munthuyo amayamba wafunsa kuti kilo ndi zingati.