Pemphero la ife amene tinapuma pa ntchito koma Ambuye sanatipumitse

Abale ndi alongo amene munapuma pa ntchito ngati ine, ndi inu nonse amene mumanyamula Baibulo kupita nalo mu tauni kukalalikira, tiyeni tipemphere limodzi. Mukafika pamene pakukhudzani imani kaye, mutchule dzina lanu kwa Mulungu, kenako mupitilize.

Atate wathu wakumwamba, zikomo potidzutsa lero. Zikomo chifukwa cha zaka zonse zija tinagwira ntchito, munatisunga, ana anaphunzira, pa mbale sipanasowe nsima.

Ambuye mukulidziwa Lolemba lija loyamba nditakwanitsa zaka 60. Ndinadzuka 5 koloko monga mwa nthawi zonse, ndinasita malaya, nsapato ndinapukuta, kenako ndinangokhala pa bedi nditakumbukira kuti palibenso amene akundiyembekeza ku ofesi. Ndinatuluka kukakhala pa khonde kuno ku Matero mu Lusaka ndikumva makondakitala akuitana tauni tauni, anthu onse akuthamangira kwinakwake, ine ndekha ndilibe kopita. Misozi ya tsiku lija munaiona Inu nokha. Ndipo alipo ambiri amene akupemphera nane pano amene foni yawo inasiya kulira, amene ankapatsidwa ulemu ku ntchito lero akungofunsidwa ngati atseka geti, ena akudikirabe ndalama zawo mpaka mtima kuwawa. Akhudzeni Ambuye mmodzi mmodzi, muwauze kuti simunathane nawo.

Munatiuza pa Mateyu 20 za anthu aja anaima pa msika tsiku lonse popanda wowalemba ganyu, ndipo mwini munda anawapeza dzuwa litapendeka nawatumizabe ku munda wake. Ife ndife amenewo Atate. Dzuwa lapendeka, mawondo akuwawa, ena shuga ena BP, koma ife tilipo, tilembeni. Mose anakaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 80. Kalebe ali ndi zaka 85 anapempha dziko lamapiri, sanapemphe mpando wokhalapo. Ifenso sitikupempha mpando, tikupempha ntchito ya mmunda mwanu ngakhale ikhale yaing'ono bwanji.

Tikuyika mmanja mwanu malo onse amene timaima, Kulima Tower, City Market, Soweto, mu Lumumba Road, mu Cairo Road, ndi ku Intercity kumene abale athu amakwera mu basi kulalikira isananyamuke kupita ku Chipata kapena ku Livingstone. Mutitsogolere poima, ndipo mutiuzenso nthawi yokhala chete.

Apa ndiye ndikulapa Ambuye. Masiku oyamba ndinkapita ndi mau okhaokha, kukuwa mpaka kummero kuuma, kuopseza anthu ndi moto wa gehena ngati ine ndinabadwa woyera. Tsiku lina ku Soweto mayi wina wogulitsa tomato anandiuza mwaulemu kuti adadi sunthani pang'ono mukunditsekera makasitomala, ndinakwiya mumtima, ndinati uyu akukana uthenga. Koma nditasuntha ndi kukhala pa kreti pafupi naye, anayamba kundiuza yekha kuti chiyambire mmawa wagulitsa milu iwiri yokha, renti yakwana, mwana wake wamwamuna sanabwere kunyumba milungu itatu. Manja ake anali akupukuta tomato mmodzi yemweyo nthawi yonse imene ankalankhula, osandiyang'ana nkomwe. Tinapemphera motsitsa mau pakati pa phokoso lonse lija la mawilibala. Mayi uja sanali kukana Inu, anali kufuna munthu womumvera, ndipo ine ndinatsala pang'ono kumudutsa. Ndikhululukireni, ndipo mutipatse makutu tisanatsegule pakamwa. Mukumbukireninso mayi ameneyo ndi mwana wake kulikonse kumene ali.

Tichotsereni mtima wofuna kutchuka. Tisapite mu msewu kukafuna ulemu umene tinausiya ku ntchito, tisakafune kutchedwa abusa kapena aneneri. Ndipo chonde Ambuye tisatambasulire dzanja anthu osauka kuti atipatse kangachepe chifukwa tawapempherera, munatipatsa kwaulere, tipereke kwaulere.

Dziko lathu la Zambia linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu December 1991, ambiri a ife tinali achinyamata, tinaomba mmanja. Koma onani ana aja akugona pa makatoni mmakhonde a mashopu, kabotolo konunkhiza atakabisa mu malaya, maso ofiira, msinkhu wa zidzukulu zathu. Timawadutsa Baibulo lili mkhwapa. Mutipatse kulimba mtima kowafunsa dzina, kowagulira chitumbuwa kapena banzi tisanawauze vesi, ndi kubwereranso mawa lake kuti adziwe kuti sitinangodutsa. Tikupemphereranso anyamata oitanira mabasi, amene anthu amangowatukwana, nawonso ndi ana a munthu ndipo munawafera. Azimayi a mu msika muwateteze nyengo ya mvula ikafika, tikukumbuka kolera ya 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala, zisatibwererenso Atate.

Ena pakati pathu sangathenso kuima pa dzuwa, miyendo inakana. Muwaonetse munda wawo pomwe alipo, mdzukulu amene akumulera, neba amene waferedwa, wodwala ku chipatala cha UTH amene alibe womuyendera. Anna mneneri wamkazi uja anali nkhalamba, sankachoka ku Kachisi, koma anamuona Yesu ali khanda nauza anthu za Iye.

Akatiseka mutipatse kufatsa. Akang'amba kapepala kathu pamaso pathu tisabweze mau oipa. Ana athu akamatiletsa kuti adadi khalani pakhomo mudzagundidwa ndi galimoto, tiwamvetse kuti ndi chikondi, ndipo mutiteteze ndithu podumpha misewu, maso athu sakuonanso patali ngati kale. Mutipatse ya basi yopita ndi yobwera, ndi mnzathu woyenda naye, poti ophunzira anu munawatuma awiri awiri.

Mawa mmawa ndisitanso malaya aja Ambuye, nditsogolereni kwa munthu mmodzi amene mwamukonza. Mu dzina la Yesu Khristu Mpulumutsi wathu, Amen.