Chidole chachikulu chotchipa chija ndi cha mwana, musachiyeze ndi maso anu

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 6, ali ndi msilikali wa pulasitiki woyera mbee, uja wa mu kanema wa Star Wars, wotalika masentimita 30. Ndinamutola pa kaunjika chaka chatha, pansi pa mulu wa zidole zaubweya, mfuti yake itasowa kalekale. Chimufikireni m'manja mwa mwanayo, wasambitsidwa m'beseni, wakwiriridwa mumchenga, waponyedwa kuchokera pakhonde kuti tione ngati amauluka. Sauluka. Koma mpaka lero ali bwinobwino, kungokalika pang'ono pachipewa.

Akuluakulu amene amasonkhanitsa zidole zoterezi kumaiko a azungu amanyansidwa nazo zazikulu zotchipazi, mpaka amazitcha mabotolo a shampu. Ndipo ukachigogoda ndi chala umamvadi kuti m'kati mulibe kanthu, chimalira ngati chigubu chopanda madzi. Zomwe kampani ya Hasbro imagulitsa pa dzina loti Titan Hero Series zimakhala choncho: mtengo wake ku America unkakhala cha m'ma 10 dola, ndipo zambiri zimapindika malo asanu okha, pakhosi, m'mapewa muwiri ndi polumikizira miyendo iwiri. Chigongono ayi, bondo ayi. Ukafuna kuti akhale pansi amangowongola miyendo ngati agogo pamphasa.

Chimene chinkandizunguza mutu poyamba n'chakuti kachidole kakang'ono kamadula kuposa chimphonachi. Hasbro yomweyo inayamba mu 2013 kupanga Black Series, tidole ta masentimita 15, theka la msinkhu, koma mtengo pafupifupi kawiri. Nkhani yagona pa ntchito. Pulasitiki payekha sadya ndalama zambiri. Chimene chimadula ndi zikombole zachitsulo, poti kachiwalo kalikonse kopindika kamafuna kuumbidwa pakokha, kenako munthu akalumikize ndi manja, wina apake penti mtundu uliwonse paokha. Chachikulu chija thupi lake ndi magawo awiri ophatikiza, mtundu unasakanizidwa kale mu pulasitiki momwemo, ndipo mukachitembenuza mupeza kuti kumsana penti anachita kuumira. Amene anaumbapo njerwa akudziwa kuti chikombole chimodzi chosavuta chimatulutsa mulu tsiku lisanathe.

Kumbali ina kuli za kampani ya Hot Toys ya ku Hong Kong. Msinkhu womwewo wa masentimita 30, koma zovala zansalu zosokedwa, nkhope ngati ya munthu weniweni, mtengo kupitirira madola 200. Zokongola zedi, sindikana. Koma tampatseni mwana wa zaka 6 chimenecho Loweruka m'mawa, mudzandiuze madzulo kuti zala zatsala zingati. Chimenecho ndi cha m'kabati yagalasi, pafupi ndi makapu amene sitimwera.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi onyozawo. Akuyeza chidole cha mwana ndi muyezo wa bambo wandevu. Pomwe chidole chikupindika ndi pomwe chimathyokera, ndiye chikakhala ndi malo asanu okha ndiye kuti pothyokera pachepa. Tizidutswa toti mwana n'kumeza si tambiri. Kutaika pansi pa bedi sikungatheke, chikuoneka uli pakhomo. Ndipo kwa mwana ukulu womwewo ndiwo ulemerero wake. Akachinyamula pachifuwa n'kutuluka nacho panja, anzake onse amasiya mpira.

Msinkhu umenewu si wachilendo ayi. Chidole cha msilikali chotchedwa G.I. Joe choyamba, cha mu 1964, chinali cha mainchesi 12 (masentimita 30), ndipo Hasbro inachita kupeka dzina lina la malonda poopa kuti anyamata akana kugula chinthu chotchedwa chidole cha atsikana. Ife tilibe vuto limenelo, zonse ndi zidole basi. Amene anasintha zinthu ndi kampani ya Kenner, yomwe mu 1978 inatulutsa anthu a mu Star Wars osakwana masentimita 10, kuti akwane m'ndege zawo ndiponso kuti mwana athe kugula ambiri. Inapanganso zidole zazikulu, koma sizinapite patali, pofika 1980 inasiya. Ndipo ichi ndi chilema chenicheni cha zazikuluzi mpaka pano: msilikali wa m'mlengalenga wopanda chombo chake. Ndege yomukwana ingatseke njira ya pabalaza.

Komwe ndalama imapita m'madzi ndi kwina. Pa Khirisimasi ndinkafuna kumupezera mnzake msilikaliyu, ndiye ndinalowa mu shopu ina m'tauni n'kugula loboti yatsopano m'katoni yonyezimira, dzina lake lolembedwa Chingerezi chosamveka mutu wake, pachifuwa pali kagetsi kofiira. Nditangotsegula, fungo la mankhwala linadzaza nyumba. Mpunga usanapse n'komwe ndinamva, “Amalume, dzanja lachoka.” Kamtengo ka pulasitiki kolumikiza phewa kanali kowonda ngati kachitsotso ka machesi. Ndinayesa supa guluu, dzanja linagwira koma linauma litaloza kumwamba, ndipo kagetsi kanazima chaka chisanatembenuke. Ndalama imeneyo ikanagula nkhuku.

Choncho masiku ano ndikagwira chidole ndimayamba ndachitembenuza. Chenicheni chimakhala ndi dzina la kampani ndi chaka zodindidwa mu pulasitiki, kawirikawiri kuphazi kapena kumbuyo kwa mwendo. Ndimayendetsa chala mumsoko kuti ndimve ngati pali pakuthwa, ndimachinunkhiza, ndimachigwedeza. Chakale cha pa kaunjika chokhala ndi chidindo ndimachitenga ngakhale chili ndi zipsera, ndikafika kunyumba ndi madzi a sopo basi. Chatsopano chopanda mwini ndimachibwezera pashelefu, ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Za chombo zija mwanayo anathana nazo yekha. Iye ndi anzake anapinda galimoto ya mawaya yaitali kuposa masiku onse, ndipo poti msilikaliyo sapinda maondo, anamugoneka chagada pamwamba n'kumumanga ndi mphira ya chubu. Dzulo ndinakumana nawo akutsetsereka naye kupita kuchigayo, loboti ya dzanja louma ija ili kumbuyo ngati kondakitala woitanira anthu.