Chotsani Kasiya Maliro pa nkhani zanu za akuba

Lero ndilankhula ndithu, amene mundide mundide. Tsamba lina la nkhani pa Facebook, limene ambirife timalitsata, lalemba za anyamata amene agwidwa ataba mbuzi. Ndaiwerenga nkhaniyo mpaka pansi. Mulibe dambwe, mulibe bwalo, ngakhale ng'oma imodzi sinatchulidwe. Koma chithunzi chomwe apachika pamwamba pake ndi cha Kasiya Maliro, chilombo cha Gule Wamkulu. Kasiya Maliro, abale anga, pa nkhani ya mbuzi zobedwa!

Kodi mumadziwa chomwe mwaikacho? Ife a kuno ku Dedza timamuona Kasiya Maliro pamene mudzi uli pachisoni, akubwera kudzaperekeza mzimu wa malemu kuti ukafike bwino kwa makolo. Amayi amaimba atagwada, amuna akuluakulu amavula zipewa, ana amakhala phee kumbuyo kwa amayi awo. Ndi mayi wa mudzi ameneyo. Ndiye mwana wina atakhala pa kompyuta mu tauni akungomutola pa intaneti n'kumumata pa nkhani ya mbava, chifukwa akufuna chithunzi choopsa choti anthu adinepo. Manyazi mulibe?

Ndipo si lero lokha. Nkhani ya ufiti, chithunzi Gule. Munthu wapezeka atafa m'dimba, chithunzi Gule. Woimba akafuna kuonetsa satana mu vidiyo yake, amathamangira chilombo, kuchiika kumanda ndi utsi wambiri. Zoipa zonse za m'dziko muno mwazipezera nkhope imodzi, ndipo nkhopeyo ndi yathu Achewa. Mwayesapo kuika mtanda pa nkhani ya akuba? Mwayesapo kuika mzikiti? Simungayerekeze, mukudziwa kuti pofika madzulo mukhala mukupepesa. Koma Gule ndiye waulere, aliyense angomutola.

Musandiuze zoti pali ena a Gule amene amavutitsa anthu pamsewu. Alipo, tikuwadziwa, ndipo mafumu amawalipitsa. Akalakwa amenewo lembani nkhani yawo, muike chithunzi chawo. Ine ndikukana kuti mlandu wa mbuzi usenzedwe ndi chilombo chomwe sichinaliko n'komwe.

Safunsa anadya phula. Mukanafunsa akanakuuzani kuti chilombo chilichonse chili ndi mwambo wake. Chadzunda akamatsimphina m'bwalo pali chimene akuphunzitsa. Simoni ndi nkhope yake yofiira ija amaseka mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi aliyense wotengera za eni. Maliya ali ndi phunziro lake kwa amayi. Inu zonsezi mwangoziponya m'thumba limodzi n'kulembapo kuti zoopsa. Ndi ulesi basi, kuphatikizapo mantha aja anatisiyira amishoni akale.

Chondiwawa n'chakuti malo ofunsira ali pafupi. Tsikani ku Mua. Mishoni ija inayamba mu 1902, ndipo ansembe a nthawi imeneyo ankalimbana ndi Nyau koopsa. Pa malo omwewo Bambo Claude Boucher anadzatsegula malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo lero mu Chamare Museum muli nkhope za Gule mazanamazana, iliyonse ndi tanthauzo lake. Wansembe wochokera ku Canada anakhala pansi zaka zambiri kumafunsa akuluakulu. Iwe mwana wobadwira konkuno, agogo ako ali moyo ku Linthipe kapena kwa Kaphuka, ukulephera kuimba foni? A UNESCO anauzindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Tikamapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, masamba omwewa ndi amene amadzaza zithunzi n'kumalemba kuti chikhalidwe chathu chokongola. Mwezi ukangotha, chikhalidwe chokongola chija chasanduka chizindikiro cha mbava. Sankhani chimodzi, akuluakulu.

Anzathu a ku Ntcheu nawonso musaone ngati mwapulumuka. Ndaonapo vidiyo munthu atanyamula chishango ndi nthungo za Chingoni uku akuvina pakati pa vilombo, ati zonse ndi zamakolo. Ngoma ya kwa Gomani ndi Gule wa kudambwe zinakumana liti? Kapena mukuganiza kuti chilichonse chokhala ndi zikopa ndi nthenga n'chimodzi?

Ndipo poti ndayamba kale, inu amene mumapita ku Chongoni. Miyala ija ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2006, malo 127, zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za chinamwali ndi Nyau. Ndiye munthu wamkulu ndi ndevu zake akufika pa Chentcherere, kutola khala, n'kulemba dzina lake ndi la chibwenzi chake pamwamba pa zojambulazo, kenako kudzijambula akumwetulira. Anakutuma ndani?