Kandege kotchipa ndi kamene mungakamate kakathyoka

Chiikireni kanema uja wa kandege kathu koyendera rimoti kakuzungulira pamwamba pa dambo, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti glider (kandege kotha kuyandama m'mwamba popanda mphamvu ya mota) yotsika mtengo ndi iti, mugulire ana. Ndiyankhe pano kamodzi, chifukwa ndalama yanga yoyamba inathera m'nyanja ndipo sindikufuna kuti wina zimuonekere.

Koyambako ndinagulira mwana wa mlongo wanga. Kanali kaja kakang'ono, mapiko ake otalika ngati rula ya kusukulu, ka mamota awiri, pakatoni atalembapo kuti glider. Kumchira kulibe chilichonse choyenda. Kamakhota chifukwa mota imodzi yathamanga kuposa inzake, ndiye ukazimitsa mamota palibenso chokhotetsa. Tinapita nako ku Senga Bay m'mamawa, asodzi akutsitsa usipa, nyanja ili zii. Sindinaganizeko za kamphepo kochokera kumtunda kamene kamalowera kunyanja dzuwa lisanakwere. Mwana anakaponya, kanakwera bwinobwino, kenako kanayamba kutengeka cha ku Namalenje. Anayesa kukabweza koma kanalibe mphamvu yolimbana ndi mphepo. Tinakaona kakuchepa, kakuchepa, mpaka kanagwera pamadzi. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, kabwera?" Ndinasowa chomuyankha.

Maganizo anga ndi awa: kuno ku Salima, kumene kulibe sitolo yogulitsa zipangizo za tindegeti, mtengo wolembedwa pakatoni suuza munthu zoona. Funso lenileni n'lakuti kakagwa, poti kagwa ndithu, mudzatha kukakonza ndi zimene zimapezeka pa Kamuzu Road?

N'chifukwa chake ndimati yambani kuyang'ana chimene kapangidwira. Za matabwa opepuka a balsa n'zokongola, koma zikamenya mtengo wa mango mumatola zidutswa. Za carbon zija amaziponya pogwira kunsonga kwa phiko, zotchedwa DLG, n'za akatswiri ndipo mtengo wake si wa munthu woyamba. Ife tifune foam. Komanso foam ilipo mitundumitundu. Ija yoyera yotetezera TV kapena firiji m'katoni, EPS, imanyenyeka, ndipo super glue amaisungunula mukuona. Pakatoni pakhale mawu oti EPO kapena EPP. EPP ndiye yopirira kwambiri, imapindika n'kubwerera. Kathu ka EPO kanathyoka khosi kawiri. Tinalowetsa timitengo tiwiri ta nsungwi mkati, kupaka guluu, kukulunga tepi yomatira makatoni, mawa lake kali m'mwamba. Chenjerani chabe ndi dzuwa la Okutobala: EPO ikakhalitsa padzuwa imatuluka timatuza, ndipo guluu wa kandulo uja amafewa mukakasiya m'galimoto yotseka.

Kenako kukula. Anthu amaganiza kuti kakang'ono ndiko kosavuta kuphunzirira. Ayi. Kakang'ono kamanjenjemera ndi kamphepo kalikonse, ndipo kakangotalikira pang'ono sudziwanso ngati kakubwera kapena kakupita. Mapiko a mamita 1.4 ndiwo ndinaona kuti akukwanira: kamauluka modekha, kamaoneka patali, ndipo mapikowo amazuka moti mutha kukanyamula pakabaza. Za mamita 2 zimayandama bwino koposa, koma katoni yake ndi yaikulu, ndipo onyamula katundu wochokera kunja amawerengeranso kukula kwa katoni, osati kulemera kokha. Muphatikizepo msonkho wa ku MRA musanasangalale ndi mtengo wa pa intaneti.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi malo a mota. Ikhale pamsana, kumbuyo kwa mapiko, pulopela ikukankha. Kapangidwe aka kanatchuka ndi EasyStar ya kampani ya Multiplex ya ku Germany, ndipo ena anatengerapo n'kupanga zotsika mtengo monga Bixler ndi Sky Surfer. Wophunzira amatera ndi mphuno nthawi zambiri. Mota ikakhala kutsogolo, kutera kulikonse ndi pulopela yothyoka kapena chitsulo chopindika. Ndipo mchenga wathu wa m'mbali mwa nyanja uli ndi tinthu takuda tija timene timakakamira ku maginito. Tikalowa m'mota mumamva ikukhwekhwereza mukaizunguza ndi chala, kuti mutichotse mufunika mswachi ndi kuleza mtima.

Wina anandifunsa kuti nanga glider ikufuniranji mota. Yopanda mota imafuna phiri loyang'ana kumene mphepo ikuchokera ndi malo oyera oterapo, pomwe mapiri a Senga ndi miyala ndi mitengo. Kuno kwathu n'kwachidikha, ndiye mota ndi yokwezera basi. Ukafika pamwamba umazimitsa.

Pa rimoti pokha musaumire. Zolembedwa RTF zimabwera ndi zonse, koma kawirikawiri rimoti yake imagwira kandege komweko, kakatayika nayonso yatha ntchito. Zolembedwa PNP zimabwera zopanda rimoti, zopanda kolandirira uthenga, zopanda batire, ndipo ambiri amadabwa atatsegula katoni. Ine ndimati gulani PNP, kenako rimoti yapayokha ya 2.4 GHz. FlySky FS-i6 ndi yotsika mtengo, ili ndi matchanelo 6, imayendera mabatire 4 a AA amene ali m'golosale iliyonse, ndipo mudzauluka nayo tindege tambiri. Poyambira matchanelo atatu akukwana: kukhota, kukwera ndi kutsika, ndi moto wa mota. Mukamaitanitsa ikanimo mapulopela apadera ndi maservo awiri a magalamu 9 (timamota toyendetsa zokhotetsera za kumchira), chifukwa kanthu kakang'ono kotere kangakukhazikeni miyezi mukudikira.

Mabatire ake ndi a LiPo, a 7.4 V kapena 11.1 V malinga ndi mota. Safuna kuwamaliziratu moto, safuna kutentha, ndipo ikatupa musaitchajenso, ikhoza kuyaka. Musamatchaje pamatiresi kapena mutagona. Tchaja yake sankhani yolandira 12 V kuti magetsi akazima muzilumikiza ku batire ya sola kapena ya galimoto. Ngati m'bale akukutengerani pandege kuchokera ku Johannesburg, mabatirewo akhale m'chikwama cha m'manja.

Musanaponye, ikani zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo amene kabuku kake kanena, kawirikawiri cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kutsogolo kwa phiko. Mphuno iwerame pang'ono. Kolemera kumchira sikamva rimoti. Ponyani moyang'anana ndi mphepo, kutali ndi anthu, mawaya a magetsi, bwalo la ndege ndi malo a asilikali, poti tonse tikudziwa kuti ku Senga Bay ndi ku MAFCO kuli asilikali.

Alipo amene analemba kuti izi n'zachibwana pomwe chimanga chakwera. Ndikuwamvetsa, ndipo sindinganene kuti munthu asiye kugula ufa. Koma ana athu omwe amapinda mawaya n'kupanga galimoto yokhota mawilo ali ndi mutu wa zimenezi. Ku Kasungu anatsegula malo oyeserera madrone mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata ntchito yomweyi. Mabanja atatu kapena kalabu ya pasukulu atha kusonkherana n'kugula kamodzi, rimoti izizungulira.

Tsiku lina cha m'ma 10 koloko, nthaka itayamba kutentha, tinaona akamtema awiri akuzungulira pamwamba pa munda wolimidwa, osakupiza mapiko. Ndinamuuza mwana uja kuti apite nako pansi pawo azimitse mota. Phiko limodzi linatukuka lokha, iye n'kukhotera komweko, ndipo kandege kanayamba kukwera popanda phokoso lililonse, kakuzungulira limodzi ndi mbalamezo mumpweya wotentha womwewo. Sanayankhule mpaka katatera, manja akunjenjemera.

Mwera ukayamba mu Juni mpaka Ogasiti timaulutsa m'mamawa mokha, ndipo kumtunda, osatinso pagombe. Loweruka likubwerali tikhala kudambo kuja isanakwane 7 koloko. Amene muli pafupi bwerani ndi ana adzagwireko rimoti musanaganize zogula. Tatsala ndi pulopela imodzi yokha, ndiye poteretsa ndizilandira ndine.